Mbiri ya Opareshoni ya Dzanzi la m'Manja

Pakati pa anthu odya za manja ao, ku migodi ndi m'matauni momwe, pali nthenda ina imene ambiri sadziwa dzina lace. Munthu agona bwino madzulo, koma pakati pa usiku adzidzimuka, napeza dzanja liri dzanzi ndi zala ziri kunyerenyetsa. Akutumula dzanjalo kufikira dzanzi litatha, nagonanso. Ikapita miyezi ayamba kugwetsa kapu, alephera kumanga mabatani a malaya, ndipo mnofu wa patsinde pa cala cacikulu uyamba kufota. Madotolo aicha nthendayi carpal tunnel syndrome. Ikakula, mankhwala ace ndiwo opareshoni yaing'ono, ndipo m'zaka zino kwafika njira yatsopano yocitira opareshoniyo moyang'ana ndi makina a ultrasound, amene anthu m'zipatala aacha sikani. Munthu asanapereke dzanja lace ku mpeni ayenera kufunsa ngati njira imeneyi iri yosaopsya, pakuti dzanja ndilo lidyetsa banja. Yankho lace liri m'mbiri ya zaka zoposa 170.

Pamene pakhala nthenda

Pa mfundo ya dzanja, pamene anthu avala wochi, pali timafupa 8 tokhala mopindika ngati ngalande. Kumbali ya cikhatho ngalandeyo yaphimbidwa ndi lamba wolimba woyalidwa copingasa ngati denga, kotero kuti pakati patsala mpita. M'mpita umenewu mupita zingwe 9 zimene zikoka zala pofumbata, pamodzi ndi mtsempha umodzi woyera ndi wofewa. Mtsemphawu suyendamo magazi iai. Nchito yace ndiyo kutenga mau kucokera ku zala kunka ku bongo, ndi kubweza malamulo ku minofu. Ndiwo umvetsa cala cacikulu, ca mkombaphala, capakati, ndi theka la cala ca mphete. Kacala kakumapeto kali ndi mtsempha wace wina, ndico cifukwa cace kambiri sikacita dzanzi m'nthenda iyi.

Mpita umenewu sufutukuka, popeza pansi ndi m'mbali muli mafupa, pamwamba pali lamba. Tsono zam'kati zikatupa, cimene cifinyika ndico cofewa koposa, ndiwo mtsempha wakumva uja. Nthendayi igwira akazi kawirikawiri kuposa amuna. Ikonda amai apakati, odwala shuga, odwala nyamakazi ya m'mfundo, anthu onenepa kwambiri, ndi iwo amene anathyokapo dzanja. Ipezekanso mwa anthu ofumbata zida mwamphamvu tsiku lonse, makamaka makina onjenjemera monga obowolera miyala. Ku Britain boma linailemba m'caka ca 1993 pa mndandanda wa nthenda za pa nchito kwa anthu ogwira zida zonjenjemera.

Zaka za kusokera

Woyamba kulongosola kufinyika kwa mtsemphawu anali Sir James Paget, dotolo wa pa cipatala ca St Bartholomew's ku London, m'caka ca 1854. Iye analemba za mwamuna amene anathyoka fupa pafupi ndi mfundo ya dzanja, ndipo fupalo litalumikizika mtsempha unapanikizika. M'caka ca 1880 James Putnam wa ku Boston, ku America, analemba za odwala 37, ambiri a iwo akazi, amene anali kudzuka usiku ndi dzanzi la m'manja. Zizindikiro anazilongosola bwino, koma gwero lace sanalipeze.

M'caka ca 1913 madotolo awiri a ku Paris, Pierre Marie ndi Charles Foix, anapima mtembo wa mai wokalamba amene minofu ya zala zace zazikulu inali itafota manja onse awiri. Anapeza kuti mtsempha unali wotupa usanalowe pansi pa lamba, ndi wophwanthalala pansi pa lamba penipenipo. Ananena kuti lambayo akadadulidwa msanga, nthenda ikadaleka kukula. Mau ao anali oona, koma anthu owamvera anali ocepa. Kwa zaka zambiri madotolo anafunafuna gwero la dzanzi kwina. Pali anthu ena obadwa ndi nthiti yoonjezera m'khosi, ndipo nthiti imeneyo ndiyo inanamiziridwa mlandu. Odwala ambiri anang'ambidwa pakhosi, nthiti nicotsedwa, pamene nthenda inali m'dzanja. Ici cinali coopsya coyamba m'mbiri iyi: kuceka pamalo posayenera cifukwa ca kusaona pamene pali vuto.

Kudula lamba

Monga zisonyeza zolembedwa zakale zimene Peter Amadio anapeza ku Mayo Clinic nazilengeza m'caka ca 1995, lamba wa m'dzanja anadulidwa kale m'caka ca 1924 ndi Herbert Galloway wa ku Winnipeg, m'dziko la Canada. Koma amene anayamba kulemba za opareshoniyi kuti anzace awerenge anali James Learmonth, m'caka ca 1933. Iyeyu anali mbadwa ya Scotland, ndipo ndi yemweyo amene anacita opareshoni pa Mfumu George VI m'caka ca 1949 cifukwa ca kusayenda bwino kwa magazi m'mwendo.

Nkhondo yaikulu yaciwiri itatha, zinthu zinafulumira. M'caka ca 1947 Russell Brain, Dickson Wright ndi Marcia Wilkinson a ku London analemba za odwala 6 amene anali ndi dzanzi popanda kubvulala kuli konse, ndipo anawathandiza pakudula lamba. Kuyambira 1950 George Phalen wa ku Cleveland anaphunzitsa madotolo a dziko lonse kuti nthendayi njofala, ndi kuti njosabvuta kuizindikira. Anasonyeza kuti wodwala akapinda dzanja pa mfundo kwa miniti imodzi, dzanzi libwera. Anagwiritsanso nchito njira imene Jules Tinel wa ku France analongosola m'caka ca 1915 pa asilikari olasidwa ku nkhondo, ndiyo kugogoda pang'ono pa mtsempha ndi kufunsa ngati zala zinyerenyetsa. M'caka ca 1966 Phalen analemba za manja 654 amene anawaona m'zaka 17. Pa nthawi yomweyo kunafika makina opima ndi magetsi liwiro limene mau ayenda nalo mu mtsempha, ndipo kuyambira 1956 anasonyeza kuti mauwo acedwa pa mfundo ya dzanja penipeni.

Cimene dotolo acita ndi cimodzi kuyambira 1924 kufikira lero: adula lamba kuti denga litseguke, mtsempha upume. Lamba wodulidwayo apola motakasuka, ndipo mpita ukhala wokulirapo. Cimene casintha m'zaka zonsezi ndi m'mene dotolo aonera pamene ali kudula.

Cifukwa ca cironda cacikulu

Madotolo akale anali kung'amba cironda cacitali, kucokera pakati pa cikhatho kudutsa mfundo kufikira pa mkono. Sanatero cifukwa ca nkhanza, koma cifukwa ca mantha oyenera. Mtsempha wakumva ugona cogundana ndi lamba amene afuna kudula. Pafupi pomwepo pali kanthambi kace kamene kayendetsa cala cacikulu. Kakaduka, munthu sangathenso kutsina kanthu bwino. Pali kanthambi kena kakang'ono pansi pa khungu, kamene kakabvulala kasiya ululu wosatha msanga. Kutsogolo kwa lamba kuli mtsempha wa magazi wopindika ngati uta. Ndiponso dotolo akaopa kwambiri nasiya mbali ina ya lamba yosadula, dzanzi silicoka, ndipo ici ndico cifukwa cacikulu cimene opareshoniyi ilepherera.

Cobvuta cina ncakuti manja a anthu safanana m'kati. M'caka ca 1977 Ulrich Lanz wa ku Germany anasonyeza kuti kanthambi ka cala cacikulu sikayenda njira imodzi mwa anthu onse: mwa ambiri katuluka kutsogolo kwa lamba, mwa ena kapatuka pansi pace, ndipo mwa ena kaboola lamba mwini. Dotolo wodula asanaone angathe kukadula kosadziwa. Comweco lamulo la akatswiri linali lakuti usadule cimene sunaone.

M'kupita kwa zaka cironda cinafupika kufikira masentimita owerengeka a m'cikhatho mokha. Opareshoni yotsegula imeneyi icitikabe m'zipatala za dziko lonse, ndipo icira anthu oculuka ndithu. Koma iri ndi mtengo wace. Cipsera cikhala patsinde pa cikhatho, pamene munthu atsamiza mpini wa fosholo kapena cogwirira ca njinga, ndipo mwa ena pamalopo papweteka masabata kapena miyezi. Kwa munthu wolandira malipiro a tsiku ndi tsiku, sabata iri yonse yokhala pakhomo ndi njala.

Nyali ya m'kati

Pofuna kucepetsa cironda, madotolo anayesa kulowetsa m'mpita kacubu kokhala ndi nyali ndi diso la kamera, kuti adule lamba kucokera pansi. Ichiro Okutsu wa ku Japan anayamba njirayi m'zaka za m'ma 1980. Ku America James Chow analongosola yace ya mabowo awiri m'caka ca 1989, ndi John Agee ya bowo limodzi m'caka ca 1992. Poyamba panali mkangano waukulu, popeza panamveka mbiri za mitsempha yobvulala m'manja mwa madotolo amene anali asanazolowere zidazo. Kamera ionetsa lamba bwino, koma monga nyali ya pa cisoti ca munthu wa pansi pa mgodi, iunikira kutsogolo kokha, ndipo ziri pambali zikhala mumdima.

M'caka ca 2014 bungwe la Cochrane, limene lisonkhanitsa zofufuza za madotolo ndi kuziyesa, linapeza kuti njira ziwirizi zicotsa dzanzi mofanana, ndi kuti a njira ya kamera anabwerera ku nchito masiku ngati 8 msanga kuposa anzao. Njira yotsegula ibweretsa zobvuta zambiri za cironda, pamene ya kamera ibweretsa kawirikawiri kusokonezeka kwa mtsempha kwa kanthawi. Zobvulala zazikulu zinali zosowa m'njira zonse ziwiri.

Kuona ndi mau

Mbiri ya sikani inayamba kutali ndi cipatala. Munthu akapfuula pafupi ndi phiri kapena m'phanga, mau ace abwerera. M'zaka za m'ma 1790 Lazzaro Spallanzani wa ku Italy anaona kuti mileme iuluka mumdima yosagunda kanthu ngakhale isaone, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti itulutsa mau apamwamba amene khutu la munthu silimva, nimvetsera kubwerera kwace. M'caka ca 1880 abale awiri a ku Paris, Pierre ndi Jacques Curie, anapeza kuti miyala ina yonyezimira ikafinyidwa itulutsa magetsi, ndipo posacedwa kunadziwikanso kuti ikapatsidwa magetsi injenjemera. Sitima ya Titanic itamira m'caka ca 1912, ndi anthu oposa 1,500, anthu anafuna njira yoonera zobisika m'madzi. Pa nkhondo yaikulu yoyamba Paul Langevin wa ku France anagwiritsa nchito miyala ija kutumiza mau m'nyanja pofunafuna sitima zoyenda pansi pa madzi.

Kucokera ku nyanja nzeruyi inalowa m'mafakitale a zitsulo, kumene amisiri anali kupima nayo ming'alu yobisika m'kati mwa citsulo ndi moocherera. M'caka ca 1955 Ian Donald, dotolo wa amai ku Glasgow, ananyamula zotupa zocotsedwa mwa odwala napita nazo ku fakitale ya maboila ya Babcock & Wilcox ku Renfrew, naziyesa ndi makina a amisiriwo. Anapeza kuti cotupa ca madzi ndi cotupa colimba zibweza mau mosiyana. Pamodzi ndi mmisiri Tom Brown ndi dotolo mnzace John MacVicar analengeza zimene anapeza m'caka ca 1958, ndipo m'menemo munacokera sikani imene amai apakati aidziwa lero.

Makina oyambawo sanathe kuonetsa kanthu kakang'ono ngati mtsempha wa m'dzanja. Panapita zaka zoposa 30 kufikira Wolfgang Buchberger ndi anzace a ku Innsbruck, m'dziko la Austria, anasonyeza m'zaka za 1991 ndi 1992 kuti sikani ionetsa mtsemphawo wotupa polowera m'mpita. Cimene Marie ndi Foix anaona mu mtembo tsopano cinaoneka mwa munthu wamoyo, khungu losang'ambidwa.

Mpeni wotsogozedwa ndi sikani

M'caka ca 1997 madotolo awiri a ku Tokyo, Nakamichi ndi Tachibana, analemba za kudula lamba moyang'ana pa sikani. Caka cotsatira anapima mpata umene uli pakati pa mtsempha wakumva ndi mtsempha wa magazi wa kumbali ya kacala kakumapeto, pakuti m'mpata umenewo ndimo mpeni uyenera kupita. Anapeza kuti kukula kwace kusiyana mwa munthu ndi munthu. Kuyambira caka ca 2010 njira zinaculuka. Ku Madrid Rojo-Manaute ndi anzace analowetsa kampeni kokowa pa bowo la milimita imodzi. Ku America Danqing Guo analongosola m'caka ca 2015 njira yozinga lamba ndi ulusi wolimba wolowetsedwa ndi singano, ndi kumceka pakukoka ulusiwo uku ndi uku. Ku Paris David Petrover analemba za odwala ace m'caka ca 2017.

M'njira zonsezi wodwala sagonekedwa tulo; abayidwa jekeseni yophetsa dzanzi pa dzanja pokha. Dotolo ayamba wayendetsa sikani kuti aone m'mene dzanja la munthu ameneyo linapangikira. Pa galasi aona mtsempha wakumva, zingwe za zala, mitsempha ya magazi iri kugunda, ndi mpeni wace womwe uli kuyenda, zonse pa nthawi imodzi. Akatha ayang'ananso ngati lamba waduka yense. Bowo likhala laling'ono kotero kuti kambiri silisokedwa, ndipo munthu abwerera kwao tsiku lomwelo.

Kodi njosaopsya?

Sikani payokha siopsya. Anthu a m'migodi adziwa X-ray ya pacifuwa, imene cezi cace ciyenera kuwerengedwa kuti cisapyole muyeso. Koma sikani ndi mau cabe, ndipo iribe cezi cotero. Za opareshoni mwini, zofufuza zimene zinafanizira njirayi ndi yotsegula zinapeza kuti odwala amva ululu wocepa m'masabata oyamba, nayamba msanga kugwira nchito ndi dzanja, ndi kuti ikapita miyezi dzanzi licoka mofanana m'njira zonse. Kuduka kwa mtsempha waukulu kwakhala kosowa.

Koma pali zinthu zitatu zimene munthu wanzeru ayenera kukumbukira. Coyamba, opareshoni yotsegula yayesedwa zaka zoposa 75 pa manja osawerengeka, pamene ya sikani yayesedwa pa anthu ocepa ndi kwa zaka zocepa, ndipo zambiri zolembedwa za iyo zicokera kwa akatswiri amene anaiyambitsa kapena amene aicita tsiku ndi tsiku. Zimene katswiri apeza si zimene wophunzira adzapeza. Caciwiri, cithunzi ca sikani ndi mithunzi yotuwa imene ifuna maso ophunzitsidwa, ndipo cionetsa kagawo kopyapyala ngati tsamba. Nsonga ya mpeni ikatuluka m'kagawomo, dotolo ali kudula mumdima monga akale aja anaopa. Cacitatu, njirayi siyenera dzanja liri lonse. Dzanja limene linang'ambidwapo kale pamalo pomwepo, kapena lokhala ndi cotupa m'mpita, kapena limene mitsempha yace inayenda njira yacilendo, kambiri lifuna kutsegulidwa. Dotolo amene ayang'ana pa sikani nanena kuti dzanja ili nlofunika cironda cacikulu sanalephere iai. Wacita cimene sikaniyo inadzera. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Coopsya cimene anthu aiwala

Ambiri aopa mpeni, naiwala kuti kucedwa kuopsya koposa. Mtsempha ukafinyika zaka zambiri ufa pang'onopang'ono, ndipo mnofu wa cala cacikulu ukafota, ngakhale lamba adulidwe bwino, mphamvu siibwerera yonse. Nthenda ikali yaing'ono, cocirikiza dzanja cobvala usiku kuti lisapindike, kapena jekeseni yophwetsa kutupa, zithandiza ambiri kwa nthawi. Koma dzanzi likakhala usana ndi usiku, kapena cala cacikulu cikayamba kufooka, nthawi ya opareshoni yakwana.

Ndiponso si dzanzi lonse licokera m'mpita wa dzanja. Shuga, khate, ndi kufinyika kwa mitsempha m'khosi zibweretsanso dzanzi. M'caka ca 1918 Alice Hamilton anapima osema miyala a ku Bedford, Indiana, ogwira nyundo za mphepo, napeza kuti ambiri zala zao zinali kuyera ndi kuuma pa nthawi yozizira. Kumeneko ndi kuonongeka kwa timitsempha ta m'zala zomwe cifukwa ca kunjenjemera, ndipo kudula lamba sikucotsa. Munthu wa makina obowolera angakhale nazo nthenda zonse ziwiri pamodzi. Cifukwa cace kupima kuyenera kutsogola, kuti kulakwa kwa nthiti ya m'khosi kusabwerezedwe.

Tsono wodwala amene auzidwa za opareshoni acita bwino kufunsa dotolo mwaulemu zinthu izi: ngati catsimikizika kuti nthenda iri m'mpita wa dzanja, njira imene dotoloyo anazolowera ndi manja angati amene anacitapo, cimene adzacita akapeza kuti mtsempha suoneka bwino, ndi tsiku limene munthu angabwerere ku nchito yolemetsa. Kumene kulibe katswiri wa sikani, munthu asadandaule kuti wamanidwa mankhwala, pakuti opareshoni yotsegula yocitidwa ndi dotolo woidziwa iciritsa cimodzimodzi, ngakhale cironda cicedwe kupola. Kuyambira masiku a Galloway kufikira a Nakamichi, dzanja lapulumuka pamene dotolo anaona mtsempha asanadule, ndipo labvulala pamene sanauone. Kukula kwa cipsera ndi nkhani ya masabata, koma mtsempha ndi wa moyo wonse.